Mafunso ndi mayankho: kugula masipika abwinoko a home theatre kuno ku Mangochi

Ntchito yanga ndi yokonza mawailesi, maampulifaya ndi masipika pa Boma pano. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amandipeza tsiku ndi tsiku. Ena amabwera ndi anthu otsika pa kabaza sabufa (sipika ya bezi) ili pamiyendo, ena amalowa pa WhatsApp usiku kuchokera kwa anyamata athu a ku Joni ofuna kutumizira makolo katundu, ena ndi a eni mavidiyo shoo a ku Namwera, Malindi ndi Monkey Bay. Mitengo sindiyikapo. Chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa katundu wa magetsi sugona pamodzi, ndipo nditalemba lero, mwezi wamawa mudzanditcha wabodza.

Achimwene, yanga ndi ija yobwera m'katoni imodzi: DVD, timasipika tisanu ndi sabufa. Ndingachotse timasipikato n'kuikapo akuluakulu?

Kutheka zimatheka, koma kawirikawiri ndalama imalowa m'madzi. Tembenuzani kasipika kamodzi muwerenge kumbuyo kwake. Tambiri ta mtundu umenewu timalembedwa 3 ohms kapena 4 ohms (muyezo wa mmene sipika imakanira magetsi), pomwe masipika ogulitsidwa paokha amakhala a 6 kapena 8 ohms. Ampulifaya ili m'kati mwa DVD ija anaipangira timasipika take tomwe tija. Mukaipatsa sipika ya 8 ohms siipsa ayi, koma mphamvu imene ingatulutse imatsika ndi theka kapena kuposa, ndiye mutha kupeza chisipika chatsopano chikulira motsika kuposa kakale kaja.

China n'chakuti makina ambiri otere anawatchera kufakitale kuti bezi yonse izipita ku sabufa, popeza timasipika tating'ono sitingaikwanitse, ndipo mu menyu mulibe posinthira. Ngakhale mulumikize sipika yotalika ngati mwana wa Sitandade 3, bezi siifikako.

Njira yake ndi kugula kaye makina otchedwa AV receiver, amene ife timangoti risiva, ampulifaya yolandira mawu ku TV kapena dikoda n'kuwagawa ku masipika onse. Amapanga a Yamaha, Denon, Marantz, Onkyo, Pioneer ndi Sony. Ikakhalapo imeneyo, masipika mutha kumagula pang'onopang'ono monga timamangira nyumba, chaka chino njerwa, chaka chamawa malata. Koma musatenge timasipika ta 3 ohms tija n'kulumikiza ku risiva yolembedwa 6–16 ohms kumbuyo. Idzayamba kumadzizimitsa yokha ikatentha, ndipo tsiku lina siidzadzukanso. Sabufa ya m'katoni nayo nthawi zambiri ilibe ampulifaya yakeyake, pomwe bowo la SUB OUT la risiva limatulutsa kasiginolo chabe kopanda mphamvu. Mukailumikiza pamenepo ingokhala duu.

Ndalama sizikwanira zonse pakamodzi. Ndiyambe ndi sipika iti?

Ambiri amathamangira sabufa, chifukwa ndi imene imagwedeza mawindo aneba n'kudziwa kuti mwalandira. Ine ndimati yambani ndi awiri a kutsogolo, kumanzere ndi kumanja. Kenako ya pakati. Sabufa ibwere pambuyo, a kumbuyo komalizira.

Dandaulo limene ndimamva kwambiri si la bezi. Ndi ili: mfuti ndi magalimoto zikumveka, koma anthu akamayankhula sitikumva kanthu. Mu filimu yojambulidwa mu 5.1 (masipika asanu ndi sabufa imodzi), pafupifupi zoyankhula zonse zimadutsa mu sipika ya pakati. Tsono pitani m'nyumba zathu mukaone kasipika kameneko. Kukula kwake ngati paketi ya shuga, ndipo kabisidwa m'kabati kuseri kwa maluwa apulasitiki ndi chithunzi cha ukwati. Mumakweza voliyumu kuti mumve zimene akunena, bomba likaphulika agogo n'kudzidzimuka kuchipinda, mumatsitsa, mawu aja athawanso. Usiku wonse rimoti ili m'manja.

Musanagule kanthu, katulutseni kasipikako mukaike m'mphepete mwenimweni mwa shelefu, pansi pa TV, kapenye kumene kuli makutu anu mukakhala pansi. Mu menyu kwezani Center, ndiye kuti sipika ya pakatiyo, ndi 2 kapena 3 dB (muyezo wa kukwera kwa mawu). Ena amabwerera kwawo pamenepa ndalama ili m'thumba.

Mukagula awiri okha, uzani risiva kuti sipika ya pakati palibe. Idzagawa zoyankhula ku masipika awiriwo, ndipo wokhala pakati penipeni adzamva ngati mawu akuchokera pa TV. Vuto n'lakuti kwathu kuno filimu sitionera awiri. Bambo ali pasofa, ana ali pamkeka, mlamu waima pakhomo, ndipo amene ali chakumbali amamva mawu akuchokera ku sipika imene ali nayo pafupi. Ndiye ya pakati idzafunikabe. Mukamadzaigula, ikhale ya kampani imodzi ndi awiri aja, ndiponso ya mndandanda umodzi, mwachitsanzo onse atatu a Wharfedale Diamond, kuti munthu akamayankhula akuyenda kuchoka kumanzere kupita kumanja liwu lake lisasinthe panjira. A kumbuyo angakhale a kampani ina, palibe adzazindikire.

Kumsika ndaona ya 5000 watts yotchipa kuposa ya 80 watts. Zikutheka bwanji?

Yang'anitsitsani pambali pa nambalayo, mupeza timalemba tinayi: PMPO. Nambala imeneyo ilibe muyezo umene makampani anagwirizana, aliyense amangolemba imene ikongoletse katoni. Yodalirika ndi ya RMS, imene imanena mphamvu yotuluka mosalekeza. Pamsika pomwepo, tembenuzani makinawo muwerenge kapepala ka pafupi ndi chingwe cha magetsi, pamene amalemba mphamvu imene amakoka kukhoma. Ngati palembedwa 60 W, ma 5000 aja achokera kuti? Kamphika ka makapu awiri sikaphika nsima ya pa ukwati.

Dziwaninso kuti ma watts olembedwa pa sipika yopanda ampulifaya sanena kufuula kwake. Amangonena mphamvu imene ingapirire isanapse. Nambala yonena kufuula ndi ya sensitivity, yolembedwa mu dB, ndipo amaiyeza poipatsa sipika watt imodzi, choyezera chili pa mita imodzi. Kusiyana kwa 3 dB ndi kusiyana kwa mphamvu kowirikiza kawiri: sipika ya 90 dB imafuna theka la mphamvu imene ya 87 dB ingafune kuti zilire mofanana. Kuti khutu limve ngati phokoso lawirikiza kawiri pamafunika pafupifupi 10 dB, kutanthauza mphamvu yowirikiza kakhumi. Choncho kusiya risiva ya 80 watts n'kugula ya 100 watts kumangokuwonjezerani 1 dB, yoti simungaimve n'komwe. Ngati risiva yanu ndi yofooka kapena balaza ndi lalikulu, sakani masipika a sensitivity yokwera. A Klipsch amadziwika ndi zimenezi chifukwa cha matwita awo (timasipika ta mawu opyapyala) okhala m'chinthu chonga lipenga, ngakhale ena amati amabaya m'makutu. Mvetserani nokha.

Ndipo chimene chimaotcha matwita ambiri amene amafika pa tebulo langa si ampulifaya yaikulu. Ndi yaing'ono yokakamizidwa mpaka mapeto. Ikatopa mawu amayamba kusasa, ndipo kusasako n'kumene kumapsereza kawaya kopyapyala ka mu twita. Mukangomva kusasa, tsitsani.

Ndili ndi masipika anayi koma ampulifaya ili ndi malo awiri. Ndingapotere mawaya awiri pamalo amodzi?

Werengani kaye masamu. Masipika awiri a 8 ohms olumikizidwa motero amakhala 4 ohms. Awiri a 4 ohms amakhala 2 ohms. Ma ohms akamatsika, ampulifaya imakoka magetsi ambiri n'kumatentha kwambiri. Ngati kumbuyo kwake sikunalembedwe 4 ohms, musayerekeze.

Mwini vidiyo shoo wina anandibweretsera yake m'mawa kutacha fainolo ya mpira, itakulungidwa m'chitenje ngati mwana wodwala. Anali atawonjezera masipika atatu mbali iliyonse kuti a pabenchi ya kumbuyo azimva, ndipo inazima theka loyamba lisanathe, anthu n'kufuna ndalama zawo. Nditatsegula, fungo la pulasitiki wopsa linadzaza shopu yonse, matiransisita a mbali imodzi atasweka pakati.

Ngati sipika ilibe kolembedwa, yezani ndi malitimita. Ya 8 ohms imaonetsa pakati pa 5 ndi 7, ya 4 ohms imaonetsa cha m'ma 3. Si kuti yawonongeka, ndi mmene imayezekera.

Aatali oima pansi ndi aang'ono a pashelefu, ndigule ati?

Yezani balaza lanu. Ngati ndi la mamita 4 mulitali ndi 3 mulifupi, a pashelefu okhala ndi wufa (sipika yaikulu ya m'bokosimo) ya mainchi 5 kapena 6.5 akukwanirani, makamaka sabufa ikadzabwera. Pa ndalama yofanana, aang'ono kawirikawiri amakhala ndi zam'kati zabwinoko chifukwa ndalama siinathere ku matabwa. Aatali ndi a balaza lalikulu, malo ochezera a m'maloji a kunyanja, kapena munthu wokonda nyimbo amene sakufuna sabufa. Ngati m'nyumba muli ana othamangathamanga, aang'ono apachikeni pa bulaketi kukhoma. Ndipo onani kumene kuli bowo lotulukira mpweya. Likakhala kumbuyo, sipika imafuna kampata, musaigunditse khoma.

Kaya mwagula ati, ngati muli ndi sabufa lowani mu menyu muike masipika onse pa Small, crossover (malire a bezi yopita ku sabufa) pa 80 Hz, muyezo umene kampani ya THX inaufalitsa. Ma Hz akamachepa, liwu limakhala la bezi kwambiri. Makasitomala ena amandikwiyira. Amati ndagula chinthu chachikulu chonchi, inu mukuchitcha Small? Mawuwo sakunyoza sipika, akungouza risiva kuti bezi ya pansi pa 80 Hz iziipereka ku sabufa. Katundu wolemera akachoka, risiva imapuma ndipo mawu amayera.

Sabufa ikhale ya mainchi angati, ndipo ndiyiike pati?

Choyamba, ikhale yokhala ndi chingwe chakechake cha magetsi, ndiye kuti ampulifaya ili m'kati. Ya mainchi 10 imadzaza balaza wamba, ya 12 ndi ya lalikulu. Musayang'ane ma watts okha, onani kuti imatsika mpaka ma Hz angati. Yofika cha m'ma 30 Hz ndi imene imakupatsani kugunda kwa bingu kumene mumamva pachifuwa. Zotchipa zambiri zimangodziwa liwu limodzi, bu-bu-bu, kaya ndi ng'oma, kaya ndi gitala ya bezi, kaya chitseko chamenyetsedwa.

Malo oyiika ndi theka la nkhani. Pakona bezi imachuluka, koma nthawi zina imachita kusefukira n'kumiza china chilichonse. Pali njira imene imaoneka ya misala koma imathandiza. Nyamulani sabufa muyiike pampando umene mumakhala. Ikani nyimbo ya bezi yoyendayenda. Kenako gwadani muzikwawa m'mbali mwa makoma, mutu uli pafupi ndi pansi. Ana aziseka, asiyeni. Pena mudzamva bezi yatupa, pena yasoweratu, pena liwu lililonse likumveka palokha. Pamenepo ndi pa sabufa.

Kumbuyo kwake, ngati pali bowo lolembedwa LFE lumikizani pamenepo. Ngati palibe, kabatani ka crossover kazungulizeni mpaka mapeto kuti risiva ndiyo izilamula. Ka phase yesani 0 ndi 180, musiye pamene bezi yadzaza. Mukatsinzina n'kutha kuloza pamene pali sabufa, mwaikweza kwambiri.

Nanga a disiko kapena a m'galimoto?

A disiko anawapangira pabwalo la ukwati, kuti afike patali. Pabalaza amakuboolani makutu, ndipo mukawatsitsa amataya kukoma. A m'galimoto ambiri ndi a 4 ohms, masabufa ena 2 ohms, ndipo ampulifaya yake imadya 12 volts ya batire. Amene ali pa sola yopanda inveta angapange nazo kanthu komvekera, koma ku risiva ya m'nyumba musazilumikize.

Ndagula abwino, koma m'nyumba mwanga akungomveka phokoso. Chalakwika n'chiyani?

Imani pakati pa balaza muombe m'manja kamodzi. Mukamva kakulira kotsalira m'mbuyo, vuto ndi chipinda. Pansi pa simenti kapena matailosi, makoma a pulasitala, mawindo agalasi, pamwamba malata: mawu amangonjanja paliponse ngati mpira, n'kufika m'khutu kangapo. Mankhwala ake si okwera mtengo. Yalani kapeti kapena mkeka pakati pa inu ndi masipika a kutsogolo, ikani makatani ochindikala, sofa yansalu iposa mipando yapulasitiki. Siling'i imathandiza kawiri, imachepetsa kunjanja ndiponso phokoso la mvula pa malata, limene mu Januwale limagonjetsa sipika iliyonse. Kunjenjemera kumene mumati sabufa yang'ambika nthawi zambiri ndi lata lomasuka msomali, magalasi a maluva, kapena mbale za m'kabati.

Kenako onani mmene mwawaikira. Ndimalowa m'nyumba zambiri n'kupeza masipika onse asanu afoleredwa pamwamba pa kabati ngati ana a kwaya. Pamenepo mwagula 5.1 n'kuisandutsa wailesi. Awiri a kutsogolo atalikirane mofanana ndi mtunda wochoka pa inu kufika pa iliyonse, matwita ali mulingo wa makutu anu mutakhala. A kumbuyo, ngakhale timawatcha choncho, malo awo ndi m'mbali mwanu chakumbuyo pang'ono, pamwamba pang'ono pa mutu.

Ngati risiva inabwera ndi kamaikolofoni, musakataye. A Denon ndi Marantz amati Audyssey, a Yamaha YPAO, a Pioneer MCACC. Mumakaika pamene pamakhala mutu wanu, risiva imaliza timaphokoso n'kudziyezera yokha mtunda ndi mphamvu ya sipika iliyonse. Chitani m'nyumba muli zii, fani yozimitsa, osati nthawi imene chigayo chapafupi chikulira.

Dolby Atmos ndiyofunika?

Inayamba m'nyumba zoonetsera mafilimu mu 2012, ndipo imawonjezera mawu ochokera kumwamba. Nambala ngati 5.1.2 ikutanthauza masipika awiri a pamwamba. Amene amawombera mawu kudenga kuti abwerere pansi amafuna siling'i yosalala ndi yolimba. Ngati mukakweza maso mukuona malata opendekeka ndi mitanda, ndalamayo onjezerani pa sipika ya pakati.

Kutentha kwa kuno ndi chinyezi cha kunyanja sizingawononge?

Zimawononga, ndipo posankha muzikumbukire. Yang'anani mkombero wofewa wozungulira pepala la sipika. Ukakhala wa siponji, kutentha ndi chinyezi zimaufumbutsa, pakapita zaka umayoyoka ngati bisiketi mukaukhudza. Wa mphira umakhalitsa. Amene muli ku Nkopola, Makawa kapena Chembe, kumene mpweya wa nyanja umalowa mpaka kuchipinda, masipika a pepala lapulasitiki amapirira kuposa a pepala wamba. Mabokosi ambiri ndi a MDF, thabwa la utuchi wopanikiza, limene likamwa madzi limatupa osabwereranso. Wokolopa akamadutsitsa chikolopa m'munsi mwake tsiku ndi tsiku, pansi pamafufuma. Ikani timiyendo tamphira kapena kathabwa.

Bowo la mpweya lija ndi khomo la alendo. Sabufa ina inabwera mwini wake akuti ikumveka ngati muli timiyala. Nditatsegula ndinapeza zikamba za mazira a nalimata pakona, mphemvu zitamanga mudzi pa ampulifaya pofunda, ndi thonje la m'kati khoswe atalikokera pamodzi kupanga chisa. Kaneti kopyapyala komata m'kati mwa bowolo kamathetsa nkhaniyi. Kansalu ka kutsogolo kasiyeni pomwepo, kamatchinga fumbi la nthawi ya mwera ndi zala za ana, amene sangaone twita osaibonyola.

Risiva ndi imene imavutika kwambiri mu Okutobala ndi Novembala. Mabuku ake ambiri amapempha mpata wa masentimita 20 mpaka 30 pamwamba. Musaitsekere m'kabati yagalasi, musasanjikepo dikoda. Ndipo amayi, pepani, kansalu koluka kokongoletsa kaja kachotseni pamwamba pake, kakutseka mabowo opumira.

Ankolo, ndili ku Joni, ndikufuna kutumiza kumudzi. Ndisamale chiyani?

Magetsi a ku South Africa ndi a kuno ndi ofanana, 230 volts pa 50 Hz, ndiye katundu wa kumeneko amagwira bwino. Chosiyana ndi pulagi. Yathu ndi ya mano atatu amakona ngati ya ku Britain, ya kumeneko ndi ya mano obulungira. Kuli bwino kudula n'kuikapo pulagi ya kuno yokhala ndi fyuzi kusiyana ndi adaputa yogwedera imene imathetheka. Chenjerani ndi katundu wa kaunjika wochokera ku America, wa 120 volts, kapena ku Japan, wa 100 volts. Risiva kapena sabufa yotero mukailowetsa pakhoma la kuno popanda thiransifoma yotsitsa, mudzamva phu! kamodzi basi. Masipika opanda chingwe cha magetsi alibe vuto limeneli, achokere kulikonse.

Ulendo wa pa thiraki ndi wautali ndipo katundu amasanjikizana. Tumizani m'makatoni ake enieni ndi zotchinjiriza zake, jambulani nambala za kumbuyo musanapereke kwa transipota, risiti musunge. Rimoti ndi kamaikolofoni kaja zimatireni ndi tepi pa risiva penipeni, chifukwa ndi zimene zimasowa panjira. Ndipo ganizirani amene akalandire. Ngati kunyumba kuli makolo okha, masipika awiri abwino ndi ampulifaya yosavuta aposa mabokosi asanu ndi limodzi amene adzakhale m'katoni mpaka inu mudzabwere pa Eid kapena pa Khirisimasi.

Ogwiritsidwapo kale ntchito ndingawayese bwanji ndisanalipire?

Pitani ndi fulashi ya nyimbo zimene mumazidziwa bwino, ndi batire la tochi la 1.5 volts. Chotsani kansalu ka kutsogolo muone mkombero ngati uli wong'ambika kapena womatidwa ndi guluu. Tambasulani zala mozungulira pakati pa pepala, mukankhe pang'onopang'ono. Liyende mosalala. Mukamva kukhwekhwereza, koyilo inapsapo ndipo ikukhuza maginito. Gunditsani batire ku mawaya kwa kamphindi: pepala lidumphe, ndipo mbali ya + ya batire ikakhala ku waya wa +, lidumphire kunja. Pa twita yokha musayese zimenezi.

Kenako lizani nyimbo motsitsa, muike khutu pa twita iliyonse. Yakufa imangokhala chete, ndipo wogulitsa wochenjera amakweza bezi kuti musazindikire. Yang'anani masikuluwu: akakhala okumbika mitu, munalowa munthu, ndipo mwina zam'kati si zake. Inenso ndinagwidwapo. Ndinagula awiri a dzina lotchuka pa shopu ina mumzinda, kufika kuno n'kupeza dzinalo ndi kapepala komata, m'kati muli maginito ochepa ngati chitsekero cha botolo ndi chidutswa cha simenti chowonjezera kulemera. Kuyambira pamenepo ndimagogoda bokosi ndi chala. Labwino limayankha mogontha, lachabe limalira ngati chigubu.

Magetsi akathimathima, kapena ndili pa sola, ndichite chiyani?

Choopsa si kuzima, ndi kubwera kwake. Risiva, sabufa ndi TV zidutse pa TV guard, kachipangizo kamene kamadikira kaye magetsi akhazikike kasanawalole kulowa. Nthawi ya ziphaliwali zulani mapulagi, ndipo musaiwale chingwe cha dishi kapena eriyo, chifukwa mphenzi imalowera kumeneko n'kuyenda pa HDMI mpaka mu risiva.

A sola, funsani inveta yanu ngati ndi ya pure sine wave. Zotchipa za modified sine wave zimaliritsa thiransifoma, zimaitenthetsa, ndipo m'masipika mumamveka kulira ngati njuchi. Posankha sabufa kapena ampulifaya, ya Class D imasandutsa pafupifupi 90 peresenti ya magetsi kukhala mphamvu ya ku sipika, pomwe zakale za Class AB zimataya ambiri ngati kutentha. Pa batire kusiyana kumeneku ndi kumene kumanena ngati filimu ithe kapena ithere panjira. Apanso masipika a sensitivity yokwera ndi abwenzi anu.

Mawaya odula amasintha mawu?

Ayi. Chofunika ndi kunenepa kwake ndi kuti akhale a kopa weniweni. Wa 1.5 mm² ukwanira pa mtunda wosapitirira mamita 10, kupitirira apo tengani wa 2.5 mm². Ambiri a pamsika ndi aluminiyamu wopakidwa kopa pamwamba, amene amadutsitsa magetsi pafupifupi 60 peresenti chabe poyerekeza ndi kopa, ndiponso amathyoka msanga. Palani kawaya kamodzi ndi lezala, mukaona kuyera m'kati mwadziwa. Polumikiza, chofiira ku chofiira, chakuda ku chakuda, masipika onse. Imodzi ikatembenuzidwa bezi imaonda ndipo mawu amasowa pokhala. Onetsetsaninso kuti palibe katsitsi ka waya kokhudza mbali inayo, kamodzi kokha kamazimitsa risiva.

Ndalumikiza zonse koma a kumbuyo sakulira. Andigulitsa akufa?

Mwina ayi. Mu menyu muli Test Tone, imene imaliza sipika iliyonse payokha. Akalira pamenepo ndi amoyo, nkhani ili pa chimene mukuonera. Matchanelo ambiri, nyimbo za pa fulashi, mavidiyo ambiri a pa YouTube ndi mafilimu okopera m'mashopu aja amakhala a stereo, njira ziwiri zokha. Chilichonse chodutsa pa Bluetooth nachonso ndi stereo. Risiva itha kumwaza mawuwo ku masipika onse mukasankha Dolby Surround kapena Pro Logic II, koma si 5.1 yeniyeni.

Kuti 5.1 ifike, dikoda kapena TV ilumikizidwe ndi HDMI kapena chingwe cha optical, osati timapulagi tofiira ndi toyera tija. Mu menyu ya mawu ya TV kapena dikoda sankhani Bitstream, Auto kapena Dolby Digital m'malo mwa PCM. Ngati mawu akuchokera mu TV kupita ku risiva, gwiritsani ntchito bowo lolembedwa ARC kapena eARC mbali zonse ziwiri. Zikatheka, kutsogolo kwa risiva kumalemba Dolby Digital kapena DTS. Ngakhale pamenepo, a kumbuyo salira nthawi zonse. Ntchito yawo ndi mvula, mphepo, chikhamu cha m'bwalo la mpira, ndege yodutsa.

Bwanji ndingogula soundbar?

Ngati muli pa lendi, mumasamukasamuka, ndipo landilodi safuna misomali pakhoma, gulani. Ndi bokosi limodzi lalitali loika pansi pa TV, masipika ndi ampulifaya zili m'kati. Sankhani yolembedwa 3.1, chifukwa ili ndi sipika ya pakati. Dziwani chabe kuti siikula. Mukadzafuna zabwinoko mudzagula zonse mwatsopano, ndipo ikafa ampulifaya yake, zonse zafera limodzi.

Aneba ayamba kudandaula. Nditani, poti ndalama ndawononga kale?

Chimene chikuwafika si mawu a filimu, ndi bezi. Funde la 40 Hz ndi lotalika mamita oposa 8, khoma la njerwa imodzi silingaliimitse, ndipo m'nyumba za mdadada zopanda siling'i limangodutsa pamwamba. Inu mukumva filimu, iwo akumva gu-gu-gu wopanda mutu. Chotsani sabufa pa khoma logawana nalo, muyiike pafupi ndi mpando wanu kuti muziimva ngakhale ili yotsika, ndipo pansi pake muyale siponji yochindikala kapena zidutswa za tayala. Mu risiva sakani Night Mode, Dynamic Volume kapena DRC. Imatsitsa mabomba n'kukweza manong'onong'o, ndiye simufunikanso kukweza voliyumu.

Makutu a ana anu nawonso muwaganizire. Bungwe la NIOSH la ku America limati phokoso la 85 dB munthu asakhalemo kupitirira maola 8, ndipo likakwera ndi 3 dB nthawiyo imadulidwa pakati: 88 dB maola 4, 91 dB maola 2, 100 dB mphindi 15. Ngati mukuchita kukuwa kuti wokhala naye pasofa akumveni, mwapyola. A mavidiyo shoo, ana okhala pabenchi ya kutsogolo mutu uli pa sipika ndi amene ndimawamvera chisoni. Kwezani masipikawo m'mwamba, aloze pakati pa holo.

Zina n'zodziwa kale tonse. Azana ikamveka ku mzikiti wapafupi timatsitsa, pakakhala maliro m'mudzi sabufa imagona mpaka anthu abalalike. Mpira wa Champions League kuno kawirikawiri umayamba 9 kapena 10 koloko usiku, malinga ndi nyengo ya ku Ulaya. Ine ndimauonera sabufa ili chizimire, Center nditakweza ndi 3 dB, ndipo a m'nyumba ya pafupi amadziwa kuti chagoletsedwa pokhapokha ndikakuwa ndine.